Zitenje za ukwati m'bwalo la mpira

ANankhoma anafika ku Salima pa 14 Malichi 1987, pa sitima yapamtunda, atangokwatiwa kumene, atanyamula makina osokera amene bambo awo anawapatsa. Ulendo wochokera ku Balaka unali wa tsiku limodzi, koma mvula inakokolola dothi pansi pa njanji cha ku Golomoti, ndipo sitima inaima mpaka anthu anayamba kuphika m'mbali mwa njanjimo. Iwo anangokhalira bokosi la makina awo osasuntha. Mpaka lero sadandaula za ulendowo. "Sitima imakuchedwetsa, inde," amatero, "koma katundu wako umamukhalira."

Anakhazikika ku Senga Bay, pakhonde loyang'anizana ndi bwalo la Kampango Stars, timu ya anyamata asodzi. Mpira anaudziwira m'makabudula ong'ambika amene ankabwera Lolemba lililonse. Posakhalitsa anayamba kupita okha kukaona chimene chimawang'amba, ndipo sanasiyenso. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi amanyamula mpando wawo nkukakhala kuseri kwa golo, ndipo refa aliyense wa m'derali amawadziwa mawu.

Mu 2023 Kampango inafika mu fainolo ya chikho cha m'deralo. Komiti inalamula kuti timu yopanda majezi ofanana, okhala ndi manambala, siilowa m'bwalo, ndipo chikho chidzangoperekedwa kwa anzawo a ku Chinguluwe. Majezi a Kampango anali a pakaunjika, lililonse mtundu wake. Koma panalibe wodandaula, chifukwa mlongo wa aNankhoma, a Lodwick, amene amagwira ntchito ku Joni, ankabwera ku ukwati wa Tiyanjane, mwana womaliza wa aNankhoma, ndipo analonjeza kubweretsa majezi atsopano.

Ndege ya Lachitatu inalephereka anthu atakhala kale pamzere. A Lodwick anagona pampando, nkukwezedwa ina yozungulira dziko lina, ndipo anatera ku Lumbadzi Lachinayi pa 17 Ogasiti. Anaima pa lamba wa katundu mpaka lambayo anazungulira wopanda kanthu. Mtsikana wa kampani ya ndegeyo anawamwetulira nkuwauza kuti awaimbira foni.

"Ndiye chikwama cha majezi chili kuti, achimwene?" anafunsa aNankhoma atawalandira.

"Akuti chikubwera."

"Chikubwera wapansi?"

Lachisanu foni ya ku kampaniko inkangoitana. Loweruka m'mawa Masautso, mphunzitsi wa timuyo, anafika pakhonde paja nkhope itagwa. Anali atayesa kubwereka majezi paliponse, koma matimu oyandikana nawo, amene Kampango inawatulutsa mu mpikisanowo, ankangomuseka.

"Mayi, basi tauponda. Anyamata ndiwauza chiyani? Ena asiya kupita panyanja sabata yonse kuti miyendo ipume."

ANankhoma ananyamuka. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi mtolo wa zitenje zobiriwira za maluwa achikasu akuluakulu. Zinali za ukwati wa pa 2 Seputembala, zoti azakhali ndi azimayi onse a kuchikazi adzavale zofanana. Tiyanjane anazisankha yekha ku Lilongwe, ndipo wogulitsayo anamuuza kuti zinali zomaliza.

"Amayi, mukutani?" anatero Tiyanjane ataona sizasi. "Zimenezo ndi za ukwati wanga!"

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Mukufuna akuchimuna adzabwere atafanana, ife tili ngati anthu okumana pa depoti?"

"Ukwati wopanda zitenje zofanana abusa amadalitsa. Awa refa sawalola nkomwe kuponda mzere."

Tiyanjane anamenyetsa chitseko. ANankhoma anaima kanthawi sizasi ili m'manja, chifukwa mwanayo sankanama, ndipo iwo ankadziwa pakamwa pa alamu awo. Kenako anadula.

Loweruka lonse makina a 1987 aja sanapume. Anyamata anandanda pakhonde kuyezedwa, akununkha usipa, akusekana zifuwa. Manambala anadulidwa pa nsalu yoyera ya pabedi. M'khwapa ndi m'mapewa aNankhoma anasoka kawiri, poti zaka zonsezi ankaona pamene otchinga kumbuyo amagwira. Jezi lomaliza linatha Lamlungu belu la tchalitchi likulira, ndipo tsiku limenelo mpando wawo wa m'kwaya unakhala wopanda munthu.

Masana ake Kampango italowa m'bwalo, mbali ya Chinguluwe inagwa ndi phwete.

"Akwati afika! Mkwatibwi mwamusiya kuti?"

"Yalani mphasa, tiyambe perekaniperekani!"

"Wallahi, mulira ndi maluwa omwewa!" anabweza mkulu wina wa kugombe.

Refa anawatembenuza anyamatawo mmodzimmodzi, nkuwerenga manambala, nkupukusa mutu, kenako anaimba wezulo. Masautso anakhala pansi ngati munthu amene watula thumba la mpunga.

Tsikulo aNankhoma sanakuwe. Maso awo sanali pa mpira koma pa misoko. Mnyamata akakweza mkono iwo ankagwira mpweya. Nthawi zina ankaba diso kuyang'ana pansi pa mtengo wa mango, pamene Tiyanjane anaima atapinda manja, ngati wangodutsa.

Chinguluwe inagoletsa koyamba. Chigawo chachiwiri Davie, womwetsa zigoli wa Kampango, anathawa ndi mpira, ndipo wotchinga kumbuyo anamugwira jezi kumsana. Jezi la kusitolo likanatamuka Davie nkupulumuka, la pakaunjika likanang'ambika. Chitenje sichichita zonsezo. Davie anabwerera chagada, fumbi koboo, bwalo lonse likuona, ndipo refa analoza penate. Mpira utagwedeza ukonde, woyamba kuthamanga m'mbali mwa mzere akululutira anali Tiyanjane, nsapato zili m'manja.

Chikho chinapitabe ku Chinguluwe, chifukwa anagoletsanso masewero atatsala pang'ono kutha. Anyamata anatuluka mitu ili pansi, ndipo aNankhoma anawaimika onse nkuyamba kuwakweza mikono, kuona m'khwapa. Panalibe pamene panatumbuka.

Tiyanjane anafika akupumira m'mwamba, nkuyang'ana maluwa ake achikasu atadetsedwa ndi thukuta ndi dothi.

"Aphunzitsi," anatero kwa Masautso, "nsalu izi ndi zanga. Pa 2 ndikufuna onsewa kuchikazi, atavala zomwezi. Azidzanyamula mipando ndi kuvina kutsogolo kwanga."

"Ndi goloboyi yemwe?"

"Onse. Koma achape."

"Musawapatse achape okha," anatero aNankhoma, akuvula Davie jezi. "Azisulukitsa ndi sopo wotsukira bwato. Bweretsani kuno."