Mwala wa Pansi pa Mkuyu

Atate, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Njiwa yalira padenga kuno ku Silverest, ine n'kukumbuka m'mawa uja amayi anandituma kuti ndikuzembereni. Tsiku lililonse munkachoka opanda khasu, foni mutaisiya pawindo, osanena komwe mukupita. Kwathu ku Kanakantapa anthu anali atayamba kunong'ona, ena amvekere muli ndi mkazi wina, ena akuti mumakakwirira mankhwala kumunda. Ine, mayi wa ana awiri, ndinakulondolani m'chimanga ngati wakuba. Ndinakupezani mutakhala pamwala pansi pa mkuyu, m'mbali mwa mtsinje, chisote chili pabondo. Osacheuka n'komwe munati, "Wabwera kunigwira? Khala." Nditafunsa ngati mukupemphera, munati, "Pa Sondo kutchalitchi nimakamba ndine. Pano nimvera chabe." Tinakhala pamwalapo, kumangomva madzi, mpaka dzuwa linayamba kuwawa.

Ndinakauza amayi kuti kulibe chilichonse, koma sanakhutire. Inenso sindinakhutirebe, Atate. Sipanathe miyezi isanu, tinakuikani m'manda. Kodi Amene munkamumvera pamwala paja anali atakuuzani kale, inu n'kutibisira?