Ba Ketty a Pachitseko cha Basi

Ngati munakwerapo minibasi ya ku Mtendere, mu Lusaka muno, m'mawa, ba Ketty munawaona. Ndi mayi uja wamfupi, wa chisoti chofiira ndi thalauzi, wolendewera pachitseko uku akukuwa, "Tauni! Tauni! Malo alipo!" Mawu awo anasasa kalekale, moti ukawamva usanawaone umayesa ndi bambo. Ine ndimakhala nawo payadi imodzi ku Kalikiliki, zitseko zathu n'zoyang'anana, ndiye musandiuze za ba Ketty ayi, ndikuuzeni ndine.

Ukondakita sanaulote. Amuna awo, ba Fackson, anali dalaivala, ndipo atamwalira anawasiyira mwana mmodzi wamkazi, Mwiche, akuyamwa. Anzawo a malemu anawamvera chisoni n'kuwalola kuti azitsuka mabasi pasiteshoni. Tsiku lina kondakita wina anagonera mowa, dalaivala akufuna kunyamuka, ba Ketty anangotaya chidebe n'kugwira chitseko. Sanachisiyenso. Atukwanidwa, agwidwagwidwa ndi zidakwa, mvula yawathera pamsana, koma Mwiche sanapitepo kusukulu wopanda nsapato.

Mwicheyo ndiye mtima wawo wonse. Koma ana, inu! Mwiche ali giredi 6, anyamata a m'kalasi mwake anadziwa ntchito ya amake. Akangolowa m'kalasi, onse ankamenya madesiki: "Tauni! Tauni! Mwana wa bambo wamabele!" Mwana anayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse. Ba Ketty anamusamutsa. Kusukulu yatsopanoyo, kumene ine ndimagulitsa vitumbuwa pageti, Mwiche anauza anzake kuti amake amagwira ntchito m'shopu ya zovala. Ndinamva ndekha, koma sindinamuulule.

Chaka chatha, Mwiche ali giredi 8, kunabwera mphunzitsi wachitsikana, ba Angelina, munthu wa mtima wabwino kwambiri. Anayamba kuwauza ana kuti ntchito ilibe mwamuna kapena mkazi. Anyamata ankasesa, atsikana ankasewera mpira, makolo ena kudandaula. Kenaka anaganiza zoitana mayi wogwira ntchito imene anthu amati ndi ya amuna, kuti ana amuone ndi maso. Ndipo mwa makondakita onse a mu Lusaka muno, anakakwera basi ya ba Ketty! Sanadziwe kuti ndi make wa mwana wa m'kalasi mwawo.

Ba Ketty anabwera kunyumba akumwetulira ngati apatsidwa nyumba. "Ba neba, baniitana kusukulu. Ine! Nikakambe na bana!" Ankaganiza kuti mwana wakula tsopano, anyadira.

Mwiche atamva anagwada pakhomo. "Bamami, napapata, musabwere. Bazayambanso."

"Nalonjeza kale, mwana wanga. Niwauze chani ba tichala?"

Tsikulo litakwana, ba Ketty anapitadi. Ine ndinasiyira mnzanga beseni n'kukaima pawindo. Ba Ketty analowa ndi chisoti chawo chomwecho, ndipo analankhula, mayi uja! Anafotokoza mmene umadumphira basi ikuyenda, mmene umayankhira munthu wamwano osamutukwana. Anaitana mtsikana wina kuti ayese kukuwa "Tauni!", kalasi yonse inafa ndi kuseka. Atsikana maso anali mbee. Mwiche yekha anali kumbuyo, mutu uli padesiki, akukanda thabwa ndi chikhadabo.

Ndiye mnyamata wina wamtali, Chrispin, anakweza dzanja, kamwa ili kale m'mbali. "Manje bana banu samvera manyazi kuti amai bawo ni kondakita?"

Ba Angelina anafuna kumudzudzula, koma ba Ketty anawaletsa ndi dzanja. Ndinawaona akuyang'ana kumbuyo kuja. Anadikira. Ine pawindo mtima unkangoti, dzuka mwana iwe, dzuka! Mwiche sanadzutse mutu.

"Nilibe mwana ine," anatero ba Ketty. "Nikhala nekha."

Ana anaomba m'manja, ba Angelina anathokoza kwambiri, anati atsikana aphunzirapo kanthu lero. Mwina anaphunziradi. Ndamva kuti awiri akuti adzakhala madalaivala a malole. Koma ine zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ba Ketty atatuluka anaima pa beseni langa n'kupempha madzi. Ndinawapatsa, anangogwira kapu osamwa, kenaka anati basi ikuwadikira.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe ndinali panja ndikutsuka mbale, iwo atakhala pakhomo pawo akumasula nsapato. Mwiche anatulukira ndi yunifolomu yake, anaima patsogolo pawo nthawi ndithu. Ndinati eya, mwana wazindikira, apepesa.

Mwiche anawakumbatira m'khosi mwamphamvu, nkhope ikuwala.

"Zikomo bamami," anatero. "Palibe amene adziwa."

Ba Ketty anamusisita kumsana. "Palibe, mwana wanga. Yenda ukavule yunifolomu."

Mwana analowa m'nyumba akuimba. Ba Ketty anatsala pakhomo nsapato imodzi ili kuphazi, ndipo mayi amene sanalirepo pamaso panga chiikireni amuna awo analira, atatseka pakamwa ndi dzanja kuti mwana asamve.