Pakati pa Mbuzi ndi Soya

Inu amene mumati mukagwa kamodzi ndiye kuti dziko latha, senderani kuno mumve za Naila. Nkhaniyi ndi ya mtengo umodzi. Sindichotsera, basela palibenso.

Tsiku lomwe Habibu, dalaivala wa thiraki, analowa m'shopu ya mayi Mwanahamisi pafupi ndi boda ya Mchinji, Naila anasowa kolowera. Bamboyo sanapereke ngakhale salamu. Anangoika foni pa kauntala.

"Ndiwe mwini tsamba la pa intaneti lija? Taona. Pamwamba mbuzi zamalonda, pansi mtengo wa soya, pakati mayi anga. Imfa ya mayi anga ndaimva ndili pa chiwongolero, pamsewu wa ku Katete. Ndikanagwetsa thiraki, ukanandiikanso pomwepo?"

Anatenga foni yake n'kutuluka.

Naila anali mwana wa mayi Mwanahamisi. Mayeso a Fomu 4 analephera kawiri, anzake n'kumamuseka kuti mutu wake ndi wa chitenje basi. Anapeza ganyu yotayipa mapepala kwa ejenti wina woombola katundu pa boda. Pamenepo ndi pomwe anaizolowera kompyuta, yekha, wopanda mphunzitsi, mpaka anapanga tsamba la pa intaneti lotchedwa Pakhonde. Alimi a kwa Zulu ndi a kwa Dambe ankaikapo malonda. Ana a kuno omwe ali ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Joni ankaonapo zithunzi za kumudzi. Kwa nthawi yoyamba anthu ankati, "Mwana wa Mwanahamisi uja ali ndi nzeru."

Koma pa tsambalo zonse zinali poyera. Poitanirana pambali panalibe. Ndiye mayi a Habibu atamwalira m'mawa, mdzukulu wawo wina, podziwa kuti Asilamu sachedwetsa maliro, anathamangira kuika chithunzi kuti abale aone msanga. Anaonadi.

Sabata isanathe anthu anayamba kulithawa tsambalo. Kumsika, kumzikiti, kutchalitchi, mawu anali amodzi: Pakhonde palibe mwambo. Naila anakhala kuseri kwa shopu masiku atatu, akuti alitseka.

"Utseke chiyani?" anatero mayi ake akupinda zitenje. "Denga likadontha umagwetsa nyumba? Dzuka apo, ukundithawitsira makasitomala ndi nkhope imeneyo."

Kenako anakhala pa thumba la mtedza, mawu n'kutsika.

"Bambo anga atamwalira ine ndinali ku Mwami, kutsidyako ku Zambia. Anatuma a Nurdin, mkulu wina wa kwathu, pa njinga. Anafika, anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anakhala pansi. Ndinawapatsa madzi. Anafunsa ana, anafunsa za mvula. Kenako anati, 'Amuna anu alipo? Taitanani anzanu apafupiwa.' Anthu atandizungulira ndi pomwe anati, 'Matenda aja akula.' Ndinadziwa ndekha. Ndikamagwa panali ondigwira. Kale kunalibe mafoni, koma munthu sankamva imfa ali yekha. Makina akowo amadziwa kutsamiritsa njinga?"

 Mawa lake Naila anapita kuntchito ndi kope latsopano.

Chomwe ankafuna chinali ichi: anthu awiri azitha kulemberana pa tsamba lomwelo, paokha, uthenga n'kumafika nthawi yomweyo. Kunena n'kosavuta. Anzake akamapita kukadya chipisi masana, iye ankatsala pa kompyuta ya abwana ake, kuwerenga, kuyesa, kufufuta.

Ulendo woyamba uthenga wotumizidwa Lolemba unafika Lachitatu. Ulendo wachiwiri unafika msanga, koma kwa munthu wolakwika. Wachitatu zinkayenda, koma mukudziwa za pa boda pano: foni imadumphira netiweki ya ku Zambia osakupempha, ndipo uthenga unkathera m'malere. Miyezi isanu ndi iwiri, mvula inabwera n'kupita.

Woyesa wake anali mayi ake, ndipo sankamunyengerera.

"Ndatumiza kalekale. Munthuyo alipo kapena ndikulankhula ndi khoma?"

Naila anaika kanyali kobiriwira koonetsa kuti mnzako ali pomwepo, foni ili m'manja.

"Nanga ine wa Sitandade 3 ndilemba mpaka liti? Chala changa ndi cha khasu? Ndikufuna ndizilankhula."

Anaika pojambula mawu.

"Tsopano nanga chitsiru china chikaikanso maliro poyera?"

Apa Naila anachita chomwe a Nurdin akanachita. Munthu akafuna kulengeza maliro, tsamba limayamba lamufunsa kuti: "Kodi ana ndi abale apafupi mwawauza pambali?" Gawo latsopanolo analitcha Pambali.

Anthu sanabwerere tsiku limodzi ayi. Amene wapsa ndi phala amauzira ngakhale lozizira. Anayamba ndi amayi a mtedza, chifukwa mtengo weniweni sunenedwa pagulu. Kenako ana a ku Joni, ofuna kumva mawu a amayi awo. Habibu yekha ankadutsa ndi thiraki yake osayang'ana n'komwe.

Patatha chaka anatulukiranso. Ulendo uno anaima pakhomo.

"Salamu aleikumu, amayi. Mwana uja alipo?"

Naila anatuluka.

"Dzana kwa Dambe kunagwa zovuta," anatero Habibu. "Bambo ake a Aleck, dalaivala mnzanga. Aleckyo anali ku Petauke, foni yake yosaimbika, koma kanyali kako kaja kanali koyaka. Ndinamulembera kuti, 'Achimwene, mwaima?' Anati ayi. Ndinati, 'Imani kaye, zimitsani injini.' Ndinadikira. Ndinati, 'Muli ndi ndani?' Anati pali anzathu awiri. Ndi pomwe ndinajambula mawu, ndinati matenda aja akula."

Anapotokola kapusi m'manja.

"Anafika bwino. Anawaika bambo ake. Ndangoti udziwe."

Naila anayang'ana pansi, misozi ili mbwembwembwe. Mayi Mwanahamisi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenako anakalipa.

"Nanga mwangoima ngati mitengo ya magetsi? Naila, apatse madzi alendo!"

A Nurdin anapita kalekale, njinga yawo inachita dzimbiri, mtengo wa mango uja anaudula pokuza msewu. Koma mwambo wawo ukuyendabe, wakwera foni ya mwana yemwe mayeso anamukana kawiri.

Tsono inu mwalakwitsa chiyani chomwe chikukugonekani chonchi? Lirani masiku atatu ngati Naila, lachinayi dzukani mukakonze pomwe panadontha. Osataya mtima, ndipo osatitayitsa nthawi.