Kabokosi Kodula Ulaliki

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4, achemwali anga anandiitanitsa kuchoka ku Chiradzulu kuti ndikadikirire zotsatira kwawo ku Kawale. Zotsatirazo zitabwera tinazionera limodzi, n'kuzipinda bwinobwino, n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mlendo wokhalitsa. Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali kalaliki wa fodya ku Kanengo komanso mkulu wa mpingo, ndipo maudindo onse awiriwa ankabwera nawo kunyumba. Anandipatsa miyezi itatu yoti ndionetse phindu langa pakhomopo. Ndikalephera, ndikwere basi ndikalime nandolo.

Kumudzi sindinkakufuna ngakhale pang'ono, chifukwa mtima wanga unali utakodwa kale m'mawaya. Pamsika wa Kawale panali bambo wina wokonza mawailesi amene anakhalako ku Joni zaka zisanu, n'kubwerako ndi jekete imodzi yachikopa ndi katoni ya zinthu zimene munthu wa ku Kawale sankazifuna. Anthu ankathawa nkhani zake za ku Joni, koma ine ndinkamvetsera mpaka kumapeto. Tsiku lina anandithokoza pondipatsa kanthu kakuda ka miyendo khumi ndi isanu ndi itatu.

"Aka ndi katchipi, mphwanga," anatero. "Si ka wailesi ayi, kali ndi mutu. Ukakauza chochita kamachita chomwecho, sikafunsa chifukwa."

Kukauzako ndiye kunali ntchito. Ndinkayenda wapansi mpaka m'tauni, kukakhala pa kompyuta ya m'kafe ya intaneti, kumakopera malangizo m'kope langa lakale la Jogalafe. Patatha milungu itatu katchipi kanandimvera: kanyali kofiira kanayamba kuyaka n'kumathima kokha. Ndinasangalala kwambiri. Ndinathamangira nako kwa alamu, omwe anali pakhonde akupukuta nsapato.

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Kakuyaka, kakuthima," anatero. "Ainjiniya, zimenezi a magetsi amatichitira tsiku lililonse. Ndipo anzanuwo amathimitsa Kawale yense, inu kanyali kamodzi."

Dzina la Ainjiniya linandikanirira kuyambira pamenepo, ndipo silinali laulemu.

Chimene chinandipatsa mwayi ndi chidani. Kutchalitchi kwathu kunali mkulu wa mpingo wina, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Ntcheu, amene alamu sankamwa naye madzi. Bamboyu akakwera pagome ankalalikira ola ndi theka, ndipo amayi a mumpingo ankamuyamikira, zomwe zinkawawawa alamu kuposa kutalika kwa ulalikiwo. Lamulungu lililonse tinkadya chakudya chamasana tikumva za munthu wosadziwa nthawi. Tsiku lina ndinangoponyapo mawu kuti katchipi kanga kamatha kuwerenga mphindi. Alamu anasiya kutafuna.

Anandilamula kuti ndipange kabokosi kodula ulaliki, ndipo anapereka okha malamulo ake. Mlaliki akayamba, ine ndidine batani, kanyali kobiriwira kayake. Zikakwana mphindi makumi atatu, kofiira kayake ndipo kabokosi kalire. Anandiletsa kuikapo pozimitsira, ati mphunzitsi uja ndi wochenjera, angakazimitse ndi bondo. Mabatire akhale m'kati, chivindikiro chimangidwe ndi masikuluwu anayi. Kumsonkhano wa akulu a mpingo anakanena kuti ndi chitukuko, ndipo onse anavomera, aliyense akuganizira mnzake.

"Mukandichitira ichi, alamu," anandiuza, "za nandolo tiiwale."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti alamu.

Mawaya olendewera sakanapita kutchalitchi, choncho ndinayenera kupanga bolodi yeniyeni yokhazikapo katchipiko. Bambo wa ku Joni anali ndi kachidutswa kamodzi kokha ka bolodi yokutidwa ndi mkuwa, kukula kwake ngati chikhatho, ndi kabotolo ka mankhwala odya mkuwa. Njira yake inali yotere. Umajambula tinjira ta magetsi pa kompyuta, n'kutisindikiza pa pepala loterera. Pepalalo umalivundikira pamkuwa n'kulisita mpaka inki itamatirira. Ukatero umaviika m'madzi, kufikisa pepala ndi chala, kenako kuponya bolodiyo m'mankhwala kuti adye mkuwa wonse umene inki sinaphimbe.

Pepala loterera ndinang'amba pa kalendala yakale ya m'chipinda chochezera. Simbi inali ya achemwali, ndipo ndinadikira kuti apite kuchigayo. Ndinasita kachitsuloko ndi mphamvu zanga zonse, ine amene ndinali ndisanasitepo malaya anga ndi mtima wonse chotero. Mankhwala aja anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo kulikonse kumene anadontha anasiya chizindikiro: pakhonde, pa thalauza langa, m'zikhadabo. Mayi woyandikana nafe anandiona ndikugwedeza beseni ndikulankhula ndekha, ndipo pofika madzulo mzere wonse wa nyumba unali utamva kuti mnyamata wa ku Chiradzulu uja wayamba zamankhwala zakwawo.

Bolodi inatuluka yokongola, tinjira take tikunyezimira. Ndinaboola timabowo ndi sipoko ya njinga yonola. Pokhazika katchipi ndiye ndinaona tsoka langa. Chinthu chosindikiza movundikira chimatuluka chotembenuka, ngati chidindo, ndipo ine ndinaiwala kutembenuziratu chithunzicho pa kompyuta. Mwendo uliwonse unkagwera pa njira ya mnzake wa mbali inayo. Mkuwa wina panalibe. Ndinakhala pansi kuseri kwa bafa, misozi ikulengeza, ndikuona kale munda wa nandolo.

Nditamuonetsa bolodiyo, bambo wa ku Joni anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza kuti ndipinde miyendo yonse chakumsana. Ndinapinda umodzi umodzi, mpweya nditaugwira, podziwa kuti ukathyoka umodzi zanga zatha. Katchipi kanagona pabolodi chagada ngati mphemvu yakufa. Ndinawotcherera, n'kulumikiza kolira kochotsa mu wotchi yakufa, n'kukayesa ndi wotchi yapakhoma kasanu. Kasanu konse kanalira pa mphindi yake. Loweruka alamu anandiperekeza okha kutchalitchi, tinakakhomera kabokosiko kunsi kwa gome, waya wa batani tinaudutsa pansi pa mkeka mpaka pa benchi yakutsogolo. Mawa lake inali nthawi ya mphunzitsi uja kulalikira.

Lamulungu alamu anavala suti yawo ya paukwati. Tili m'kati mwa nyimbo yachiwiri, kunabwera uthenga woti mphunzitsi wapita kumaliro ku Ntcheu m'mamawa. Akulu a mpingo ananong'onezana, ndipo amene anadzuka ndi Baibulo m'manja kupita kugome anali alamu.

Pano ndisaname. Ndinkadziwa bwinobwino kuti batanilo silinayenera kudinidwa. Alamu sanandiyang'ane n'komwe, poganiza kuti nzeru zoterozo ngakhale wolephera Folomu 4 ali nazo. Koma ine ndinali nditayenda wapansi milungu yambiri, nditapsa zala, nditanenedwa zamankhwala, ndipo tchalitchi chinali chodzaza. Ndinkafuna anthu aone kuti chinthu changa chimagwira ntchito. Ndinadzinamiza kuti munthu wodana ndi ulaliki wautali chotero sangapitirire mphindi makumi awiri. Atangoti titsegule mabuku athu, ndinadina.

Sindinkadziwa kuti alamu anali atasunga ulaliki m'mimba kwa zaka. Mphindi khumi zoyamba zinathera pa kupereka moni. Khumi zachiwiri anafotokoza mmene fodya amamusankhira ku Kanengo, ndi kuti tsiku lomaliza zidzakhalanso chimodzimodzi. Ine maso anali pa wotchi yapakhoma, thukuta likutsika kumsana. Ndinatsokomola, ndinakweza dzanja ngati mwana wopempha kupita panja, koma iwo anayesa mzimu wandigwira ndipo anakweza mawu. Anali atangonena kuti tsopano tilowe mu mfundo yoyamba pamene kanyali kofiira kanayaka.

Kabokosi kanalira ngati nkhululu yolowa m'nyumba. Alamu anaima kukamwa kuli yasa. Anafufuza kunsi kwa gome ndi dzanja, kenako ndi bondo, kufuna pozimitsira pamene anandiletsa okha kuikapo. Woyamba kuseka anali gogo wina wa kumbuyo, ndipo kuseka kunayenda benchi ndi benchi mpaka kukwaya. Mtsogoleri wa kwaya anayambitsa nyimbo kuti aphimbe manyazi, koma kabokosi kanali ndi mawu okwera kuposa atsikana ake onse. Ndinakwawira kugome, pamenepo n'kukumbukira kuti chomasulira masikuluwu ndachisiya kunyumba. Mayi wina ananditambasulira kampeni kosendera mbatata kochokera m'chikwama chake. Ndinamasula masikuluwu anayi nditagwada pamapazi pa alamu, mpingo wonse ukuwerenga nane.

Kunyumba alamu sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anadya, anasamba m'manja, kenako anandiyamikira pamaso pa achemwali kuti ndine waluso kwambiri, ndipo luso lotere n'kulakwa kulitsekera m'tauni pamene kumudzi kukusowa anthu ophunzira. Ananena kuti basi ya Lachiwiri m'mawa sikhala yodzaza.

Achemwali anandiperekeza kudepoti atasenza chikwama changa. Njira yonse ine ndinkayesa andikwiyira chifukwa cha manyazi a amuna awo. Tili pamzere wokwera basi ndinayamba kupepesa, ndikufotokoza kuti kabokosiko sikanalakwitse ngakhale ndi mphindi imodzi, kanachita zimene kanauzidwa.

"Ndikudziwa," anatero. "Inenso ndinaseka, mpaka ndinabisa nkhope m'chitenje." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndipo sindinadziwe ngati inali misozi ya kuseka komweko. "Koma iwenso ndiwe chitsiru. Pakhomo paja wailesi ndi yakufa, mpopi sutuluka madzi, ndipo zonsezo palibe amene wazithamangitsa. Chinthu chakocho chikanangokanika kugwira ntchito, bwenzi madzulo ano ukudya nafe."