Waya Amene Adada Anakana Kudula

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene galu wachilendo anandiluma pakatumba ndikuchokera kuchigayo. Sanauwe n'komwe. Anangotulukira m'chimanga, thovu lili kukamwa, n'kundigwira mwendo, kenako n'kupitiriza ulendo wake ngati wamaliza zimene anamutuma. Anyamata anamupha tsiku lomwelo, ndipo mawu akuti chiwewe anafika kunyumba kwathu ine ndisanafike.

Mudzi wathu uli kuseri kwa Edingeni, ndipo masiku amenewo galimoto inalipo imodzi yokha, pikapu yakale ya adada imene ankachitira matola. Inali nkhalamba yeniyeni, chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi mphira. Munali m'dzinja, msewu uli phala lokhalokha, moti magalimoto a ku Boma anali atasiya kubwera kwathu. Kuchipatala chaching'ono chapafupi anati mankhwala ake alibe, choncho adada anandithamangitsira ku Boma. Namwino wa kumeneko anatsuka balalo mpaka ndinalira, anandibaya jakisoni, kenako anayang'ana adada m'maso.

"Bambo, jakisoniyu si mmodzi ayi. Mubwere nayenso Lachisanu, osati Loweruka. Matendawa akangoyamba kuoneka, ife palibe chimene tingachite."

Ananena ine ndili pomwepo, ndipo mawuwo ndinawameza onse.

Pobwerera ndi pamene pikapu inayamba mwano. Injini ikatentha inkatsokomola, kenako n'kuzima pakati pa chitunda. Tinkadikira kuti izizire, n'kuyendako pang'ono, n'kuzimanso. Adada anati vuto ndi disitibyuta, chipangizo chija chimene chimagawa moto ku mapulagi, chokhala ndi chipewa chakuda chotulukamo mawaya ngati miyendo ya kangaude. Chitsulo chake cham'kati chinali chitadyeka n'kumagwedera, moti mapoyinti ake, tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka moto, sankatsegukanso molongosoka. Adada anati sangayidalirenso pomwe ali ndi mwana wodwala. Anatuma amalume a Gilibati, mlongo wawo wa amama wochokera ku Kasungu, amene ankawathandiza pa matola, kuti apalase njinga kupita ku Jenda kukasaka ina.

Sabata imeneyo sindinaidye bwino. Mnzanga wina kusukulu anandiuza, mokondwa ndithu, kuti munthu wachiwewe amayamba n'kuopa madzi, kenako amauwa, ndipo amamutsekera m'nyumba. Kuyambira pamenepo ndinkazemba n'kupita kumtsuko, kutunga chikho, n'kuchiyang'anitsitsa kuti ndione ngati ndikuchiopa. Vuto lake n'lakuti munthu ukayang'anitsitsa madzi uli ndi mantha, pakhosi pamauma pokha. Ndinkameza movutika n'kuganiza kuti basi zayamba. Sindinauze aliyense, chifukwa ndinkaopa kutsekeredwa.

Amalume anabwera Lachinayi dzuwa likulowa, matope mpaka m'mawondo, atanyamula chinthucho m'jumbo ngati abweretsa nyama. Anachichotsa pa pikapu ina imene inagubuduzika pamsewu wa tala. Inali ya mtundu womwewo ndi yathu, koma yopangidwa zaka zapatsogolo.

"Alamu, iyi ndi yamakono, ilibe za mapoyinti zanuzo," anatero. "Mawa tingoisomeka, kadzutsa tikadyera ku Boma."

Kunacha Lachisanu. Ine ndinali nditasamba kale, nditavala diresi ya kutchalitchi, nditakhala pa chitsa pafupi ndi galimoto. Adada anatsegula boneti, ndipo m'malo momasula disitibyuta yakaleyo, anatenga msomali n'kuyamba kukanda kamzere pa injini, pomwe inkathera. Anachotsa chipewa chija, n'kukandanso pomwe kachala kozungulira kam'kati kanaloza. Anachita zimenezi mosafulumira, ngati munthu amene akulemba dzina lake pa khasu.

Yatsopanoyo inalowa bwinobwino pabowo, ndipo amalume anaomba m'manja. Koma chisangalalo chinathera pa mawaya. Yakale inali ndi waya mmodzi wopita ku koyilo, chipangizo chokuza moto wa batire. Yatsopano inali ndi awiri, othera pa kapulagi kapulasitiki kamene pa galimoto yathu panalibe poti kalowe. Komanso pambali pa koyilo panali kachinthu koyera ngati choko, kochepetsa moto kuti mapoyinti asapse, pomwe yatsopanoyo inkafuna moto wonse wa batire.

Amalume anatenga pulayala. "Apa palibe nkhani. Tidule waya wakaleyu, tidulenso apa, kachokoka titaye, tilumikize ofiira kwa ofiira. Tapita."

"Lindani dankha, alamu," anatero adada, atagwira dzanja la amalume kuti adikire kaye. "Pa galimoto yane sitidula waya. Ndipo mtundu wa waya musaukhulupirire chomene. Amene anapanga ya chaka ichi si amene anapanga ya chaka icho."

Anakatenga thumba lawo la mawaya otolatola n'kulikhuthulira pansi. Anasankha zidutswa, kuzisenda ndi mpeni, n'kuyamba kupanga mawaya apadera oti alumikize chatsopano ku chakale popanda kuwononga chilichonse. Timitu tolowetsa mu kapulagi kaja anatisula kuchokera ku chitini cha mafuta a buleki. Waya aliyense ankayamba amulondola ndi chala mpaka kumene wathera, kenako n'kumuyesa ndi kababu kamene ankakagunditsa ku batire. Kachoko kaja anakasiya pamalo pake, anangokalambalala ndi waya wina. Waya wakale wa ku koyilo anamukulunga kumapeto ndi pulasitiki n'kumumangirira pambali.

Dzuwa linkakwera. Mthunzi wa mtengo wa mango unachoka pa boneti n'kufika pamene ndinakhala ine. Amama ankatuluka m'nyumba, kuyang'ana kumwamba, n'kulowanso. Amalume ankazungulira galimoto akudziguguda m'ntchafu. Ndipo pakati pa zonsezi adada ankangondituma madzi akumwa.

"Tiwonge, tatunga maji."

Ndikabwera nacho chikho ankati, "Yamba ndiwe kumwa, uone ngati mulibe zitsotso." Ndinkamwa, iwo n'kulandira, kungonyowetsa milomo, n'kubwerera ku mawaya awo. Posakhalitsa ankanditumanso. Zinkandikwiyitsa kwambiri. Munthu wamkulu, mwana wake akudikira imfa, iye ali kalikiliki ndi ludzu ndi timawaya!

Pamene ndinawaona akumasula mfundo imene anali atamanga kale, ati sinagwire bwino, ndinalephera kupirira. Ndinaimirira pa chitsa paja n'kukuwa.

"Adada, ingodulani! Kodi mukufuna ndife?"

Kwathu mwana salankhula choncho kwa bambo ake. Amama anagwira pakamwa ali pakhomo. Adada sanatembenuke. Anamaliza kumanga mfundo yawo, n'kunena motsitsa mawu, nkhope ili mu injini.

"Mwana wane, chinthu ichi sindikuchidziwa. Chachokera pa galimoto yakugwa. Chikatikana panjira, mbwenu tibwerera pati?"

Yankho limenelo silinandikhutiritse ngakhale pang'ono. Ndinakhalanso pansi n'kumalira mwakachetechete, ndikuwada ndi mtima wanga wonse.

Injini inalira dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Poyamba inaphulitsa ngati mfuti, nkhuku zonse n'kubalalika, koma adada atapotoza disitibyutayo pang'onopang'ono akumvetsera, inayamba kulira mosalala kuposa kale lonse. Amalume anavina. Adada anakulunga yakale ija m'chiguduli n'kundiikira pamiyendo, pa diresi yanga ya kutchalitchi.

"Ufumbate bwino. Isagwe."

Kunena zoona, chinthu cha amalumecho chinatithandiza. Pikapu inakwera zitunda zimene masiku apitawo tinkachita kukankha, ndipo amalume kumbuyo ankamenya denga akufuula kuti alamu mwaona. Ine ndinayamba kupuma bwino. Ndinayambanso kuganiza kuti chiguduli chonunkha oyilocho ndanyamula pachabe.

Titayenda gawo lalikulu la ulendo tinafika pa kamtsinje kopanda mlatho, madzi ake ofiira atadzaza ndi mvula ya kumtunda. Adada analowamo mosamala, madzi anathovukira mpaka pa galasi, tinatulukira tsidya lina, n'kukwera pang'ono. Kenako injini inangoti zii. Sinatsokomole ngati kale, inangozima basi.

Anapukuta chipewa, anapukuta mawaya, anauzira ndi pakamwa. Anachotsa waya wa pulagi n'kumuyandikizitsa ku chitsulo, amalume akupotoza kiyi. Panalibe moto ngakhale wa kambaliwali. Amalume anatsegula disitibyuta yatsopanoyo kuti aone chovuta, koma m'katimo munali kabokosi kakuda komata, kopanda poti munthu n'kupala kapena kumanga. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, ndipo nkhope yawo inandiopsa kuposa galu uja. Pamsewu panalibe munthu, kupatula mayi wina patali amene ankabandira chimanga. Ndinamva kamtsinje kaja kakulira kumbuyo kwathu.

"Tiwonge, bwera nacho," anatero adada.

Ndinamasula chiguduli chija msangamsanga. Adada anasolola mawaya awo apadera aja, amene anachoka mosavuta chifukwa anali ongolowetsa. Anazula yatsopano, kulowetsa yakale, n'kuipotoza mpaka inafika pa kamzere ka msomali kaja. Anamasula pulasitiki pa waya amene anakana kumudula, ndipo anafika pamalo pake osaperewera. Kachoko kaja kanali pomwepo, kakudikira. Ntchito imene kunyumba inadya m'mawa wonse, apa inatha ine ndisanapukute misozi.

Amalume anapotoza kiyi. Nkhalamba ija inatsokomola, kutsokomolanso, n'kudzuka. Sindinamvepo phokoso lokoma ngati chifuwa chimenecho.

Sikuti mavuto anathera pomwepo. Inazimanso pa chitunda china, tinadikira kuti izizire, ndipo amalume anaikankha okha mpaka nsapato yawo inatsalira m'matope. Sanabwerere kukaitenga. Tinalowa m'Boma dzuwa litapendeka, anthu a kumsika akulongedza katundu, ndipo adada anandinyamula kuchokera pa geti ya chipatala ngakhale ndinkatha kuyenda ndekha. Namwino uja tinamupeza atanyamula kale chikwama chake. Anatiyang'ana, matope thupi lonse, amalume nsapato imodzi, n'kubweza chikwamacho patebulo. Jakisoni ameneyo ndinamulandira ngati mphatso.

Titatuluka tinakhala pa kanyumba kogulitsira tiyi pafupi ndi msika. Ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindinachimvetse nthawi imeneyo. Adada, amene tsiku lonse manja awo sanagwedere pa timawaya tating'onoting'ono, analephera kufikitsa kapu pakamwa. Tiyi ankatayikira pa thalauza, mpaka anaika kapuyo pansi n'kubisa manja pakati pa mawondo.

Majakisoni otsalawo ndinawamalizira ndikukhala kwa achibale ku Boma komweko. Chiwewe sichinandigwire. Chipsera chili pakatumba mpaka lero, ndipo ndakalamba nacho.

Adada anatisiya kalekale, ndipo pikapu ija inathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Ine ndinakhala telala, ndipo makasitomala anga amandidziwa kuti ndine wovuta. Akandiuza kuti ndidule nsalu yotsala pochepetsa diresi, ndimaipindira m'kati n'kusoka, iwo n'kumadandaula kuti ndikuchedwa. Ndimawasiya adandaule. Ndinaphunzira pamsewu uja kuti nthawi imene munthu wapanikizika kwambiri ndi imene amafunitsitsa kudula, ndipo ndi nthawi yomweyo imene sayenera kutero.

Koma china ndinachimva mochedwa, ndili kale ndi ana anga. Tsiku lina ndikucheza ndi amama, ndinawakumbutsa za Lachisanu limenelo, n'kunena moseka kuti adada anali ndi mtima wamwala, mwana akulira iwo akungoitanitsa madzi. Amama sanaseke.

"Ludzu lanji? Adada ako ankadana ndi madzi a mumtsuko uja, ankati akununkha dothi," anatero. "Ankafuna aone ngati ukumeza. Sabata yonse ija, iwe ukazembera kumtsuko, iwo ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kumakuyang'ana pakhosi."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti mantha aja ndinawasenza ndekha, ndipo kuti munthu wosafulumira ndiye kuti sizikumukhudza. Pomwe m'mawa uja, nthawi iliyonse imene ndinkameza madzi, adada ankadziwa kuti mwana wawo akadalipo, ndipo ankabwerera kukamanga mfundo ina bwinobwino.