Madzi Kunsi kwa Matabwa a Ababa

Nyumba ya makolo anga kwa Ligowe ili pamtsetse. Ababa anaimanga okha atapuma ntchito ya ukalipentala ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo ankafuna kuti ifanane ndi nyumba za mabwana zomwe ankakonza kumeneko. Pansi pake sanazire, sanathirenso simenti. Anayala matabwa a paini pamwamba pa mitanda, kunsi n'kusiya mpata woti munthu atha kukwawamo chafufumimba. Mpatawo anauzunguliza ndi khoma la njerwa, n'kusiya kakhomo kamodzi kokha mbali ya kumtunda. Mlendo aliyense akafika, asanamufunse n'komwe za kumene wachoka, ankamuuza kuti adumphe pang'ono amve kulimba kwa matabwawo.

Chaka china ndinapita kukawaona mu Febuluwale, mvula itagwa masabata angapo osapumira. Nditangolowa m'nyumba, fungo la chinyontho linandilandira amayi asanandilandire. Mphasa zinali zitachita nkhungu, ndipo masana dzuwa likuswa mtengo achule ankaimba ngati tili kudambo.

"Ababa, kodi achulewa ali kuti?" ndinafunsa.

"Ali kunja. Mawu okha ndi amene akulowa."

Amayi anatibweretsera tiyi ndi mbatata, n'kundiuza kuti bakha wawo wamkazi wasowa, mwina agalu adya. Tili mkati momwa tiyiyo, bakhayo analira pansi penipeni pa mpando wa ababa. Ababa anakweza kapu n'kuyang'ana kudenga. Amayi anatuluka, anabwera ndi kansungwi kopyapyala, n'kukalowetsa pachibowo cha mfundo ya thabwa. Atakazula kanali konyowa kutalika ngati mkono wanga kuchokera kuchala kufika pachigongono. Anakaika patebulo pafupi ndi mbatata ya ababa, n'kukhala pansi.

M'mawa mwake ababa anapita kwa amalume, mchimwene wa amayi, amene ali ndi dimba kumtsinje, kukabwereka thiredo pampu. Iyi ndi pampu yothirira mbewu imene munthu amaipalasa ndi mapazi, ngati akukwera masitepe osatha. Amalume anabwera nayo okha, ati pampu yawo siyenda popanda mwiniwake, koma tonse tinkadziwa kuti abwera kudzaonerera.

Tinaimika pampu pafupi ndi kakhomo kaja. Payipi imodzi inayenera kulowa kunsi kwa nyumba, ina kutaya madzi kumunsi kubwalo. Ndinati ndilowe ine popeza ndine wochepa thupi, koma ababa anakana. Kunsi kwa nyumba yawo kulowa munthu wina, iwo ali moyo? Anavala ovololo yawo yakale, anamanga jumbo kumutu, n'kugwada pakakhomo. Mkatimo munali mdima, choncho anayatsa tochi ya kafoni kawo ka mabatani. Dzanja limodzi linagwira payipi, lina linali lotsamira kuti nkhope isamire. Foniyo anailuma pakamwa, n'kuyamba kukwawa mpaka tinangotsala kuona zidendene.

Ndinayamba kupalasa ine. Madzi akuda anatuluka kupayipi, amalume n'kuwomba m'manja. Posakhalitsa miyendo yanga ya m'tauni inatopa, amayi anakwinya chitenje n'kukwera pa pampu.

"Inu bambo, madzi akutsika?" anafunsa mokweza.

"Mmmh," anayankha ababa.

"Mwati chiyani?"

"Mmmh!"

Ndinaona nkhope ya amayi ikuwala pang'onopang'ono. Kwa zaka zonse za ukwati wawo anali asanapezepo ababa pamalo oti sangayankhe ndiponso sangachoke. Anapitiriza kupalasa, osafulumira, ngati munthu amene ali paulendo wautali.

"Paja tsiku lomwe munkakumba maziko ndinakuuzani kuti pano pamamera mlulu, ndi malo a madzi. Ndinakuuzani, eti?"

"Mmmh!"

"Achimwene, mwamva? Avomera."

"Ndamva ndi makutu anga," anatero amalume, atakhala pamwala n'kumasenda nzimbe.

"Ndiye khitchini yanga ija yodontha, mwezi wamawa muikapo malata. Si choncho?"

"Mmmmh! Mmh!"

"Zikomo kwambiri. Komanso kwa mng'ono wanga ku Mwanza ndipita ndikakolola nyemba, ndikakhala sabata yonse. Muziphika nokha."

Matabwa anagunda kuchokera kunsi. Ndikhulupirira unali mutu. Ine ndinali nditakhala pansi pamatope, misozi ikutsika ndi kuseka, uku ndikuyesetsa kuti ababa asandimve.

Amene anathetsa msonkhanowo anali bakha uja. Anali ataikira mazira pamulu wa njerwa pakona, ndipo ataona chinthu chowala pakamwa chikumuyandikira, anachilumphira. Tinamva mapiko akuwomba madzi, kenaka ababa anakuwa, kenaka kaphokoso kakuti chubwi. Bakha anatulukira pakakhomo akuyenda pamsana pa ababa, anadzikung'untha, n'kupita kuseri ali mwee. Pakamwa pa ababa tsopano panali potseguka, ndipo mayankho onse anatuluka nthawi imodzi: za mlulu sakuzikumbukira, malata sakudziwa kumene achokere, ku Mwanza kulibe chimene chapsa, ndipo bakha ameneyo Pasaka sakamuona.

"Mwachedwa, alamu," anatero amalume. "Mboni ndine."

Foni sinapezeke. Tinapitiriza kupalasa mosinthana mpaka dzuwa linapendeka. Amayi atalowetsanso kansungwi kaja, madzi anali atatsika pang'ono chabe, ngati chikhadabo. Nthawi yonseyi ababa anali akadali kunsi. Kenaka ababa analankhula ndi mawu ena, otsika.

"Siyani kupalasa. Pali madzi ozizira akutumphuka pansi pa mimba yangayi. Ndi kasupe."

Anatuluka chafutambuyo, thupi lonse matope, maso okha akuoneka. Aliyense ankadziwa chochita, koma palibe ankafuna kuyamba kunena. Kakhomo kanali kumtunda, madzi ankafuna kupita kumunsi, ndipo kumunsiko kunali khoma lomwe ababa ankalinyadira kuposa makoma onse, lowongoka, lopanda mng'alu ngakhale umodzi. Linagwira ntchito yake bwino kwambiri moti nyumba inasanduka damu.

Ababa anakatenga nyundo ndi tchizulo. Amalume atati awathandize, anawabweza ndi dzanja. Ananjuta kutsogolo kwa khomalo, analisisita kaye, n'kuyamba kugogoda njerwa ya pansi, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa mwana dzino.

"Alamu, khalani chakumbali," anatero amalume.

"Madzi a m'nyumba mwanga ndikuwadziwa."

Njerwa yoyamba inatuluka bwinobwino. Ziwiri zoyandikana nayo zinatuluka zokha. Madzi anawamenya ababa pachifuwa n'kuwakhazika pansi, miyendo m'mwamba, ndipo anatsetsereka nawo chamatako mpaka anakaima pamtengo wa nachesi. Pambuyo pawo panatsatira achule, timatabwa, ndi nsapato imodzi ya amayi imene inasowa kalekale, yomwe mpongozi wawo wina ananamiziridwa kuti ndiye anaba.

Palibe anaseka mpaka ababa atasuntha. Anakhala tsonga, nyundo ikadali m'manja, n'kuyang'ana chibowo chija madzi akukhuthuka. Ndinaona kuti zawapweteka, osati matako okha. Amayi anatsika, anawafunditsa chitenje chawo, n'kuwachotsa jumbo kumutu.

"Koma matabwa anu sanawole ngakhale limodzi," anatero. "Madzi onsewa."

"Ndinawapaka oyilo wakuda kunsi," anayankha ababa, akupukuta mphuno. "Anthu ankati ndikuwononga nthawi."

Masiku otsatira tinakumba ngalande kuchokera pachibowo kudutsa pabwalo. Ababa analowanso kunsi, ulendo uno atamangirira tochi ya amalume pachipumi ndi lamba wa chubu, n'kukumba kanjira kochokera pakasupe kufika pachibowo, kuyalamo miyala. Anaboolanso timabowo tina m'makoma kuti mphepo izidutsa. Lamulungu tinapita kutchalitchi tonse atatu tikuyenda motang'aza, ine ndi amayi chifukwa cha pampu, ababa chifukwa cha nachesi. Anthu atafunsa, ababa anati takhala tikukonza za ulimi wothirira.

Madziwo amayenda mpaka cha mu Juni chaka chilichonse. Amayi anabzala nthochi ndi nzimbe kumapeto kwa ngalande, ndipo azimayi oyandikana nawo amabwera kudzachapa. Ulendo wathawu nditapitako, ndinapeza ababa akuyeza malo ndi chingwe. Ati akufuna kumanga bafa la matabwa pamwamba penipeni pa ngalandeyo, kuti munthu azisamba madzi akudutsa pansi. Ankangodandaula kuti sowo yawo sikuoneka. Madzulo ake ndikutenga ufa m'chipinda cha amayi, ndinaipeza ili kuseri kwa thumba la nyemba, yokulungidwa bwinobwino m'chitenje.