Tsiku lomwe a Barnaba sanakwere

Funsani aliyense pa Cassacatiza, akuuzani kuti a Barnaba ndi munthu wovuta. Ine ndimagulitsa mandasi pafupi ndi ofisina yawo yokonzera magalimoto, ndipo sindikana, ngovutadi. Koma tandimverani kaye.

Umakaniko anauphunzirira ku Zambia, komwe anathawira nkhondo ali mnyamata. Atabwerako anakhoma timalata m'mphepete mwa msewu n'kudziikira lamulo. Akakonza mabuleki, amakwera kutsogolo, woyendetsa n'kutsetsereka nawo mpaka kumtsinje. Akakwera, tonse timadziwa kuti galimoto ili bwino. Akapanda kukwera, ngakhale mbuzi sitikwezamo.

Tsono Loweruka lina kunabwera mkamwini wawo Estevão, mwamuna wa mwana wawo Laurinda, ndi shapa yake, kaminibasi komwe banja lonse limadyerapo. Inali itadzaza anthu opita ku Mualadzi, mabuleki akulira. Atsopano anali atagula kale kwa ogulitsa a pamalire, m'bokosi lonyezimira.

A Barnaba anakanda amodzi ndi chikhadabo. Anayoyoka ngati chigumu chogona.

"Bambo a Silasi, awa tisaike. Dikirani a ku Tete, afika Lolemba," anauza mkamwiniyo.

"Ikani basi, apongozi," anatero Estevão. "Zonsezi n'zofanana. Kapena mukufuna anthu azinena kuti ine ndimagula zinyalala?"

Kwathu kuno mpongozi sakangana ndi mkamwini pagulu. Anthu anatsika, a Barnaba anaika mabulekiwo, anthu n'kukweranso. Laurinda anakhala kutsogolo, khanda lawo Silasi lili pamiyendo. Estevão analiza injini n'kutsegula chitseko.

"Kwerani, apongozi, ndikakutsitsani kumtsinje."

Mayo ine! Mandasi anapserera m'mafuta ndikuyang'ana. Akakwera, ndiye kuti awanamiza anthu onsewo. Akakana, mkamwini dzina lamuthera pamsewu uno, ndipo wogona ndi njala ndi mwana wawo yemwe.

A Barnaba anapukuta manja pang'onopang'ono, maso pansi. Sanasunthe.

Anayamba kutsika ndi amayi ena a Ziyoni, thumba la chimanga kumutu. Kenako abambo a njinga yomangidwa padenga. Posakhalitsa munatsala Laurinda yekha.

"Nawenso ukutsika?" Estevão anafunsa mkazi wake mwaukali.

Laurinda anayang'ana mwamuna wake, anayang'ananso bambo ake. Ndinamumvera chisoni mwanayo, zoona.

"Ine ndine mkazi wanu, tipita limodzi," anatero. Kenako anatulutsa khanda pawindo. "Ababa, landirani Silasi. Uyu yekha atsale."

A Barnaba analandira mdzukulu ndi manja amafuta omwewo, misozi ili mbwe. Injini inapitiriza kulira. Estevão anayang'ana miyendo ya mkazi wake pomwe panali mwana, anagwira giya.

Kenako anazimitsa injini, natsika kukatenga jeke yekha kuti achotse mabulekiwo.